Pulogalamu Yokana Kutulukamo

Lolemba
Foni iwe, jambula, ine kulemba ndimachedwa. A Felista, eni shopu ya fotokope ino pa Nkando, akwera phiri la Chambe ndi alendo sabata yonse. Kumeneko netiweki kulibe. Ali ndi pulogalamu yawo yolembera, yakuda bii, ndiye ili ndi buku lake lophunzitsa akatswiri kagwiritsidwe kake, ndipo iwo amathandiza kukonza zilembo zolakwika m'bukumo. Zolakwikazo azichonga kale ndi cholembera chofiira papepala, ine kwanga n'kungosintha pa kompyuta. Potsanzika akuti: "Achimwene, mukawononga bukuli, mubwerera kokathyola tiyi." Iwo akuseka. Ine ayi.

Lachiwiri
Ndakonza zingapo bwinobwino! Kenako chala chatsetsereka, sindikudziwa ndadina chiyani, mzere wonse wasowa. Ndadinanso kuti mwina ubwerera. Wasowa wina. Ndiye wina. Iii! Ayi, tiyeni tiganize kaye.

Lachitatu
Ndikufuna ndingotulukamo, koma khomo silikuoneka. Ndayesa:
mausi, yakana;
batani lapakona, yangolira kuti pii;
kulemba kuti "tuluka";
kulemba kuti "chonde".
Mawu awiriwo alowa m'buku! Akatswiri a dziko lonse adzawerenga "chonde" wanga.

Lachinayi
Aphunzitsi ena abwera kudzasindikiza mayeso. Ndawauza kuti kompyuta yatanganidwa. Asuzumira, akuti: "Ambwana, bukulo si ndi lomwelo? Werengani mmene amatulukira." Nzeru! Ndasaka mpaka maso kuwawa. Mutu wonena za kutuluka ndaupeza. Pansi pake mbee. Ndi pamene ndinafufuta paja. Mayo ine.

Lachisanu
Ndavundikira mabatani ndi beseni kuti pasatere ngakhale ntchentche. Akazi anga akuti: "Bambo ake, ingozimitsani pakhoma." Amayiwa sakudziwa! Ndikazimitsa, si ndiye zowonongekazo zikhazikika? Kapena ayi? Sindikudziwa. Kuphiri kwachita mdima, babu ikuphethira. Padutsa lole ya anthu othyola tiyi, msana wanga wayambiratu kupweteka.

Loweruka
Magetsi athima! Ndakhala pakhonde, ndikulingalira ngati nsapato zanga zamphira zothyolera tiyi zikadalipo kunyumba. Masana abwera. Ndayatsa, ndatsegula bukulo diso limodzi lotsinzina. Mizere yonse ilipo! "Chonde" mulibe! Ndavina ndekha m'shopu. Kenako ndaonetsetsa. Zilembo zolakwika zija nazonso zilipo, zonse, ndi zimene ndinakonza zomwe. Kani zonse ndinachita zija sizinasungike.

Lamulungu
A Felista aimba ali potsika phiri. "Achimwene, mwafika pati?" Ndati bukulo lili ngati mmene analisiyira. Akuti: "Chabwino, ndifika mawa. Mungotseka pulogalamuyo, mupite kutchalitchi."
Ndati eya.
Foni iwe, dzulo paja ndinatsegulanso kuti ndione. Kusaka mutu wa kutuluka uja ndikuopa, ndingafufutenso, ndiye beseni ndabwezerapo. Kutchalitchi akazi anga andipemphereko, ine ndikadali momwemo.