Golide pa Makala a Pensulo

Lolemba
Anandiuza izi ndi Tisa, mdzukulu wanga wa ku yunivesite ku Lusaka. Akuti makala a pensulo, ukawaonera pa makina, ali ngati zisa za njuchi. Ukawotcha golide mpaka asanduke nthunzi, m'chotengera chopanda mpweya, amatera pa makalawo n'kukhala timibulu ta ngodya zitatu, tonse kuloza mbali imodzi potsata zisazo. Ine sindisimba chomwe sindinaone, ndiyesa ndekha. Zofunika: mapensulo, mphika, makala a pa mbaula, golide. Akazi anga, amake Joisi, ali ku Lusaka mpaka Sondo. Mphete yawo ya ukwati aisiya m'kapu, chala chinatupa.

Lachiwiri
Ndikusenda mapensulo anayi. Ndikupala mphete ndi tupa, pang'ono chabe, mkati mosaoneka. Fumbi lagwera pa mphasa. Nkhuku yafika msanga kuposa ine.

Lachitatu
Ndikupalanso. Mphika ndamata ndi dothi, mpweya ndikuuyamwa ndi bango. Ndayamwa, ndayamwa, chizungulire! Ba Mwansa oyandikana nafe akuti, "Mdala, mwayamba fodya wamkulu?" Ndikuyamwabe, pakamwa pali bango.

Lachinayi
Mphika wasweka pa mbaula. Nthunzi yaulere ilipo ku akasupe otentha, Chinyunyu muno. Ndikuika mapensulo ndi fumbi pa mwala. Mayi wina wochapa wayanikapo chitenje. Ndikupalanso.

Lachisanu
Ndavala magalasi anga, pamwamba pake a ba Mwansa. Ndikuona: makala akuda, nyerere imodzi, chala changa. Ngodya zitatu palibe. Tisa pa foni akuti, "Agogo, timeneto ngakhale zikwi titaunjikana simungatione! Golide mwamutenga kuti?" Netiweki ya kuno imaduka yokha, lero ndaithandiza.

Chiwelu
Mphete yapyapyala ngati udzu. Ndikuti ndiiwongole ndi dzino. Thyo! Zidutswa ziwiri. Ulimbo wakana. Ulusi ukuoneka.

Sondo
Amake Joisi atsika basi, chala chaphwa, alunjika ku kapu. Ndikufotokoza bwinobwino: zisa, nthunzi, ngodya zitatu. Amvetsera mpaka kumapeto, koyamba chikwatirane. Akuti, "Nanga timibuluto mwationa?" Ayi. Akuti, "Chabwino." Basi. Golide wa ku Lusaka amadziwa koloza. Wanga ali m'nkhuku, m'chitenje ndi m'kapu.

M'mawa mwake
Amake Joisi akhala pa msewu kugulitsa tomato wawo, dzanja lili poyera. Akuuza kondakitala aliyense kuti, "Mwanawe, ndine mbeta tsopano." Dzuwa lisanakwere, beseni lili mbee.