Mamaikolofoni Anga M'damu la Amalume

Lolemba
Projekiti ya chaka chomaliza yayamba. Aphunzitsi akuti ndimwaze mamaikolofoni m'madzi mwachisawawa, ndimenye chitsulo pansi pa madzi, kompyuta iwerengere ngati angaloze pomwe phokoso lachokera. Lolemba likubwerali ndikaonetse zotsatira. Zikakanika, chaka chino sindimaliza.
Zomwe ndili nazo:
mamaikolofoni asanu ndi atatu, okulunga m'mabaluni
waya wambirimbiri
damu la nsomba la amalume ku Machinjiri
Ndaponya onse. Ndayeza malo ake ndi tepi, matope mpaka m'chiuno.

Lachiwiri
Ndikufika, mamaikolofoni onse ali pamzere ngati ana a sukulu! Amalume akumwetulira: "Unangotaya ngati zinyalala, ndiye ndakukonzera." Ndikuwafotokozera kuti chisawawacho ndiye sayansi yake. Iwo: "Zaka zinayi, kukaphunzira kumwaza?" Damu ndi lawo.

Lachitatu
Kumwazanso, kuyezanso. Ndikumvetsera zomwe ndajambula: achule. Achule ena. Chigayo cha kuseri. Chitsulo changa osamveka n'komwe!

Lachinayi
Abakha. Palibe anandiuza kuti pano pali abakha! Akujompha mabaluni ngati chakudya chawo. Mabaluni atatu aphulika, madzi alowa. Akazi a amalume: "Musawathamangitse choncho, asiya kuikira." Nanga ine ndani akundidera nkhawa?

Lachisanu
Atsala asanu. Ndamenya chitsulo kambirimbiri, mkono ukuwawa. Kompyuta yawerengera, ikuti phokoso likuchokera ku Limbe. Ku Limbe! Chitsulo ndili nacho m'manja muno! Ndaimbira aphunzitsi. "Onjezani mamaikolofoni, asanu ndi ochepa." Adula foni.

Loweruka
Anthu ndi mabeseni kuzungulira damu. Amalume akukolola nsomba, LERO! Ukonde wakokolola zonse: nsomba, waya, mamaikolofoni anga, mtolo umodzi wamatope. Amalume: "Sunanene kuti ndi sabata yonse." Ndinanena! Kawiri! Mayi wina akufunsa ngati timabaluniti tikugulitsidwanso.
Mamaikolofoni amoyo: awiri.

Lamulungu
Kunyumba, ku Nkolokosa. Kutchalitchi sindipita, mtima sunaphwe. Awiri otsalawo ndawaika m'ndowa kubafa, ndikumenya supuni. Akumva bwinobwino, kwa nthawi yoyamba. Mulipoti ndalemba kuti "damu laling'ono". Mawa aphunzitsi anene zomwe anene.
Achemwali akugogoda. Akufuna ndowa, achape yunifolomu ya kuntchito.
Ndikuwapatsa.