Nkhwali za Alamu Anga a Orlin

Alamu anga a Orlin Kucera sanaphonyepo nkhwali chibadwire. Ankatero okha. Ife amene tinasaka nawo m'minda ya kuno ku South Dakota zaka makumi atatu sitinawaonepo atagwetsa ngakhale nthenga imodzi, koma mlandu sunali wawo. Lero mphepo, mawa dzuwa, mkuja galu wayetsemula. Tsiku lina anatiuza kuti zipolopolo za masiku ano zimatuluka mumfuti zitatopa kale.

Anakwatira mlongo wanga Darlene, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene mwana wa mayi anga analakwa. Ntchito yawo inali yogulitsa matayala m'tauni. Munda analibe, ngakhale wa tomato. Koma Okutobala akafika ankavala chipewa chaolenji cha alenje n'kumayenda chifuwa patsogolo, ngati nkhwali zonse za m'boma lino anazifungatira okha.

Ndiye kunabwera chaka chija mvula inaiwala kusiya. Chimanga changa, maekala mazana atatu, chinali chiimire m'munda, chonyowa, chuku chikuyamba. Makina okololera akanalowa bwanji m'thope lotero? Mtima unali m'mwamba, chifukwa chipale chofewa cha nyengo yozizira chikagwa chimanga chisanachoke, mapesi amagona pansi, thukuta la chaka chonse lapita. Nkhwali nazo si zitsiru. Zikaona chimanga chiimire zimalowa m'katikati n'kumathamanga pansi m'mizere, osauluka. Alenje ankabwerako chimanjamanja.

M'mawa uliwonse ndikalowa mu lesitilanti ya Verna, ndinkawapeza a Orlin akundidikira.

"Alamu, mukolola liti?"

"Mukatseka mvula."

"Nkhwali zanga zikunenepera m'chimanga chanu. Ulesi bwanji!"

"Zanu? Munazidinda dzina?"

"Alimi a masiku ano mumaopa matope ngati amphaka."

"Orlin, imwa khofi," anatero Verna, "pakamwapo papumeko."

Loweruka lina a Orlin anabwera ndi alendo awiri a ku mzinda wa Minneapolis, madokotala a mano, amene anawanamiza kuti iwo ndi katswiri. Anawalowetsa m'munda mwanga cha kumunsi, kumene ngakhale bakha akanaganiza kawiri. Asanayende patali, thope linameza jombo za a Orlin zonse ziwiri. Ali mkati molimbana, tambala wa nkhwali anabulika pamapazi pawo penipeni, mchira wake wautali kutsala pang'ono kuwapukuta mamina. Phuu! Phuu! Nkhwali inapita bwinobwino. Chimene chinavulala ndi thanki yomwera ng'ombe zanga, yomwe inayamba kukodza malo asanu ndi awiri.

"Ndinaona kuti ndi thadzi," anatero a Orlin, ataima ndi sokosi imodzi. "Thadzi saombera, anzanga. Ndinapatutsa mfuti dala. Lamulo ndi lamulo."

"Thadzi la mutu wobiriwira ndi mkanda woyera m'khosi?" anafunsa dokotala wina.

"Inu zulani mano. Za mbalame tisiyireni eni ake."

Ndinkayesa kuti manyazi awakhazika pansi. Ndinalakwitsa, munthuyo manyazi anabadwa opanda. Lamulungu lotsatira, ine ndili kutchalitchi kupempherera dzuwa, iwo anakwera makina anga okololera, mfuti pambali, n'kulowa m'munda. Nzeru yawo inali yoti adule kanjira pakati pa chimanga kuti nkhwali ziziwoloka poyera. Munthu wodziwa matayala okha! Makina anayenda pang'ono n'kutitimira mpaka m'mimba.

Nditafika ndinawapeza atakhala pamwamba pake, akudya sangweji.

"Orlin! Mwandipha!"

"Musakuwe, alamu, muthawitsa mbalame."

"Ndikolola ndi chiyani? Ndi mano?"

"Makinawa ndi olemera mopanda nzeru. Amene anakugulitsani anakuberani."

Ndinatola chibuma. Darlene, amene anabwera nane, ndiye anandigwira dzanja. "Lyle, usandisandutse wamasiye. Ndikafuna kumupha ndidzamupha ndekha."

Mathirakitala awiri analephera kuwazula makinawo. Anakhala momwemo milungu itatu, ndipo nkhwali zinkatera pamwamba pake n'kumalira m'mawa uliwonse ngati zikundinena. Kenako chisanu chinagwa, nthaka inalimba ngati mwala. Anzanga onse analowa m'minda mwawo, ine makina anga atagwidwa ndi thope louma. Wailesi inati chipale chifika Lachisanu. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana chimanga changa monga momwe munthu amayang'anira wodwala kayakaya.

Zimene a Orlin anachita ndinazimva pambuyo pake. Anayenda khomo ndi khomo kwa alimi anzanga, osati kupepesa kapena kupempha, ayi. Ankakalipa. Kwa a Stensland anati, "Munda wa alamu anga ndiwo wasunga nkhwali zonse, inu mukutaya nthawi ndi kamunda kanu kopanda mbalame." Kwa a Hruska anakhala m'khitchini maola anayi, kumaliza makeke onse, mpaka mayi a m'nyumbamo anauza amuna awo kuti, "Pita ukakolole chimanga cha Lyle, munthuyu atichokere." Lachitatu m'mawa ndinamva chiphokoso pamsewu. Makina okololera asanu ndi amodzi, malole pambuyo.

"Musandithokoze," anatero a Orlin. "Sindikuchitira inu."

"Sindinaganizeko n'komwe."

Pofika Lachinayi masana panatsala mizere khumi yokha, ndipo nkhwali zonse za m'mundamo zinali zitaunjikana mmenemo. A Orlin anakaima kumapeto, miyendo tang'a, mfuti paphewa. Makina atayandikira, mlengalenga munada ndi mapiko. Munthu akanaponya chipewa akanagwetsa ziwiri. Phuu! Phuu! Tonse tinayang'ana pansi. Panalibe kanthu.

"Zinachuluka," anatero. "Chipolopolo chinasowa yosankha."

A Stensland anaseka mpaka anazimitsa injini. Chipale chinagwa m'mawa mwake, chimanga changa chili m'nkhokwe.

A Orlin anamwalira chaka chatha mu Febuluwale, matenda a mtima, akusintha tayala la galimoto ya mphunzitsi wina. Pamaliro abusa anati anali munthu wokonda chilengedwe, ndipo kumbuyo wina ananong'ona kuti n'zoona, palibe mlenje amene anasunga moyo wa nkhwali zambiri ngati ameneyu. Darlene anaseka misozi ili mbwembwembwe. Ine sindinalire. Ndilirirenji munthu amene thanki yanga sanandikonzere?

Kwa Verna masiku ano timamwa khofi ngati tili kuchipatala. Timakamba za mitengo ya feteleza, kenako aliyense amayang'ana m'kapu mwake. Palibe wotukwana, palibe womutukwana. Sindinkadziwa kuti tauni ingafe chifukwa chosowa chitsiru chimodzi.

Sabata yatha Darlene anabwera kudzadya nkhomaliro kwathu. Atayang'ana pawindo anati, "Ukuwasowa alamu ako."

"Ndisowe chiyani? Phokoso?"

"Nanga mizere ya chimanga ija wasiya osakolola kumunsi kuja ndi ya ndani?"

"Kuli matope."

Anandiwonjezera mbatata m'mbale.

"Lyle," anatero, "mvula sinagwe chiyambire Ogasiti."