Zala za Alamu pa Kompyuta

"Mwawafufuta! Achimwene, mwawafufuta amuna anga!"

Anakuwa choncho mlongo wanga, ine nsanza ili m'manja. Ndinamubwezera mokalipa (mtima wanga suchedwa kuwira, kwathu amandidziwa): "Ndafufuta litsiro, osati munthu!"

Nkhani yake ndi iyi. Alamu anga anali mphunzitsi ku Nsaru, ndipo atamwalira kompyuta yawo inangokhala pabalaza, ataifunditsa chitenje. Patatha miyezi itatu ndinapita kukazonda mlongo wangayo. Iye ali kumjigo, ndinaivundukula kompyutayo. Galasi lonse zidindo za zala zokhazokha, poti malemuwo ankakonda kuloza ndi chala akamaonetsa anthu zithunzi. Sindinkadziwa kuti mlongo wanga amaivundukula m'mawa uliwonse n'kumayang'ana zalazo.

Ine ndine mlimi wa fodya. Fodyayo akauma, timamupemerera madzi. Ndinaiyatsa kuti litsiro ndilione bwino, ndinadzaza madzi m'kamwa, n'kupemerera pagalasi. Kawiri konse (ine wophunzira mpaka Fomu 4). Kenako ndinapukuta ndi mphamvu. Madzi ena anatsetsereka n'kulowa m'mphepete mwa m'munsi.

Tili mkati mokangana, mlongo wanga anatong'ola maso pagalasi. Kuchokera pansi pankakwera mizere yakuda, pang'onopang'ono. Ndinaiwerenga. Inayi yaitali, umodzi waufupi pambali. Dzanja, ngati la munthu amene ali mkati wagwira zenera.

Dzuwa linali paliwombo.

Ndinapalasa njinga kupita kwa mayi wina wokonza mafoni pamsika, n'kumufotokozera zonse. "Bambo, ndi madzi amenewo," anatero akuseka. "Timayamba tathimitsa, n'kupukuta ndi kansalu kofewa, kouma kapena konyowa pang'ono chabe. Osathira! Bwerani nayo, mwina tisintha galasi."

Nditabwerera ndinamupeza mlongo wanga atakoka mpando, atakhala moyang'anizana nalo dzanjalo.

"Palibe chosintha pano," anatero osandicheukira. "Taonani chala chachiwiricho, n'chopindika. Mwaiwala kuti anathyokapo pampira?"

Ndinali ndisanaiwale. Kuchipatala ndinawaperekeza ndine.

Ndikudziwa kuti ndi madzi, musandiuze. Komabe m'mawa mwake, ndisanakwere njinga kubwerera kwathu, ndinalowa pabalazapo n'kuvula chipewa.

"Alamu, pepani," ndinatero. "Ine ndapita."

Ndinatuluka chafutambuyo mpaka pakhonde.