Mndandanda wa Odwala a Mkamwini Wanga

Lolemba

Foni ikulira ndili pamsika pa Chezi, m'manja muli matimati. Ndi Felesiya, mwana wanga. Akuti Loweruka akubwera ndi amuna ake, a Mbewe, adzagona kuno tsiku limodzi. A Mbewe! Dokotala! Pakhomo panga!

Ndikuvina pomwepo, mulu wa matimati wagumuka, awiri agubuduzikira kumsewu ndipo minibasi ya ku Salima yawaponda. Sindikudandaula.

Chikwatiranireni chaka chatha ku Lilongwe, mkamwini wangayu sanapondepo kuno. Ngakhale nkhope yake sindiidziwa bwino, poti mpongozi sayang'ana mkamwini m'maso. Paukwati ndinangoona nsapato: zakuda, zosongoka, zonyezimira.

Zoti ndichite:
kuzira nyumba
kubwereka mabenchi kwa mayi Hawa a pagolosale
kunenepetsa tambala wofiira uja
kusauza munthu aliyense

Pofika masana ndauza anthu asanu ndi anayi okha.

China ndikulemba ndi zilembo zazing'ono. Kanthu kaja kali m'bere lakumanzere kakadalipo. Kolimba ngati nzama, kosapweteka, miyezi inayi tsopano. Palibe amene akudziwa. Kuchipatala ndimaopa, chifukwa bambo a Felesiya analowako akuyenda okha, potuluka tinachita kuwanyamula. Koma taonani Mulungu, chipatala chikubwera chokha kunyumba!

Lachiwiri

Kusanache bwinobwino anthu ali kale pakhonde, aliyense buku lake lakuchipatala m'manja. Ndadula katoni ya shuga, ndikulemba manambala ngati mmene amachitira kuchipatala. Ndikumva kukoma!

1. Achimwene anga a Yotamu: msana.
2. Mayi Hawa: kuthamanga kwa magazi.
3. A Dzoole a kuseri kwa phiri: dzino.
4. Nangozo, woyandikana naye nyumba: akuti sakudwala, akungofuna kuona ngati mkamwini wanga akuidziwa ntchito.
5. Bambo wina wabwera ndi mbuzi yotsekula m'mimba. Ndamubweza.

Nangozo yemweyo akufunsa, kukamwa kuli chipendekere: "Kodi ndi dokotala weniweni, kapena ndi aja oyeza ana pasikelo?" Ndamuyankha kuti adzaona yekha. Mkamwini wake amagulitsa mipani ya mbewa pa Mponela, ndiye mtima umamuwawa.

Dzina langa sindilemba. Ine ndidzalowa anthu onse atapita.

Lachitatu

Lero ndi sikelo ya ana pansi pa mkuyu. Ndakokera pambali alangizi a zaumoyo kuti andiuze zomwe dokotala amafuna pogwira ntchito, tebulo kapena beseni. Iwo akundifunsa kuti ndi dokotala wa chiyani. Wa chiyani bwanji? Wa matenda!

Aseka mpaka kugwira njinga. Akuti ife aliyense wovala choyera timangoti adokotala, pomwe aliyense ali ndi chitseko chake. Andiwerengera ndi zala:
anamwino, osamalira odwala m'wodi
azamba, obereketsa
akiliniko ofisa, amene amatiyeza ndi kutilembera mankhwala masiku ambiri
a kulabu, oyeza magazi ndi makhololo
ojambula m'thupi
a kufamase, opereka mankhwala pawindo
ndiye madokotala a mano, a maso, a mafupa, a ana, a opaleshoni

Zala zawathera, ine mutu wazungulira.

Ndaimbira Felesiya. Akuti amuna ake ndi ogonetsa. Munthu akamapita kufiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, iwo ndiwo amamupatsa mankhwala kuti agone asamve mpeni, n'kukhala kumutu kwake kuyang'anira mtima ndi kapumidwe mpaka adzuke.

Kugonetsa munthu n'kumudzutsanso! Ndi ntchito yamasewera imeneyo? Ndalulutira ndekha kukhitchini.

Kenako ndayang'ana mndandanda. Palibe ndi mmodzi yemwe wosowa tulo. Achimwene amagona okha m'tchalitchi ulaliki usanafike pakati.

Lachinayi

Ndikuyenda nyumba ndi nyumba kufotokoza, kuti mwina anthu achepe. Achuluka. Tsopano ndi 23! Abwera amayi a khanda lolira, agogo awiri a maso ouma, ndi mkazi wina wopempha kuti amuna ake agonetsedwe tsiku lililonse la msika.

Masana achimwene akutafuna nzimbe pakhonde, akundifunsa kuti odwala azidzawalowetsa ndani, poti ine ndi mkamwini sitingakhale chipinda chimodzi. Akuti mwaiwala kodi, mayi athu ankagwera m'tchire akangoona mkamwini akubwera panjira?

Ndakhala pansi. Masiku anayi onsewa ndakhala ndikuvinira chinthu chosatheka. Munthu amene sindingamuyang'ane m'maso, sindingadye iye akuona, ndiye ndimuvulire bulauzi? Bere lomwe anayamwa mkazi wake?

Njira zimene ndaganiza:
kumumanga chitenje kumaso (ayeza bwanji?)
kudzifunditsa chitenje ineyo (bere lidzakhalabe la apongozi)
kunena kuti nkhaniyi ndi ya mnzanga wina

Yachitatuyi ndiye nzeru. Ndine wochenjera ine!

Lachisanu

Tambala wandithamangitsa kuzungulira nkhokwe katatu, wagwidwa ndi Nangozo, amene sanaiwale kunena kuti ndi wowonda.

Foni. Felesiya wamva za manambala kwa mwana wa mayi Hawa. "Amayi, mwachita chiyani?" Akuti amuna ake akubwera kudzacheza, sakutenga jakisoni, piritsi, ngakhale kachipangizo komverera pamtima kaja. Akutinso kuntchito kwawo sachiza abale, chifukwa dzanja limanjenjemera ndipo mutu suganiza bwino wodwala akakhala wako.

Ndiye mwambo wa kwathu ukundikaniza, mwambo wa kuchipatala ukundikanizanso. Anagwirizana liti anthu amenewa?

Odwala afika 31. Mabenchi abwera. Ndayeseza mawu anga kuseri kwa bafa: mnzanga wina wa ku Ntchisi, mnzanga wina wa ku Ntchisi. Posamba ndakagwiranso kanthu kaja. Ndikuona ngati kakula. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Loweruka

Abwera! Galimoto yaima pamsewu, anthu 31 aimirira ndi mabuku awo ngati kwaya. Ine ndathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndikusuzumira pansi: nsapato ndi zofiirira tsopano, koma mayendedwe ndi a dokotala ndithu.

Ndimayesa akwiya. Aseka, apempha mpando, akhala pansi pa mtengo wa mango. Akuwerenga buku lililonse n'kumuuza mwini wake chitseko choti akagogode. A Dzoole kwa a mano. Mayi Hawa abwerere kukiliniki, ndipo asiye kumwa mapiritsi pokhapokha mutu ukawawa. Achimwene awauza kuti iwo ndi abale, apite kwa a mafupa. Nangozo wosadwala uja, buku lake laulula kuti anamuitana kukayezedwanso chaka chatha ndipo sanapite. Pakamwa pake patsekeka, koyamba chibadwire.

Palibe wabayidwa jakisoni. A Dzoole akung'ung'udza kuti dokotala wanji wongoloza zitseko. Koma palibe wachoka asanadye. Tambala wathera odwala, mkamwini wanga wadya khosi ndi chigwada.

Dzuwa likupendeka, anthu apita. Ine ndili m'kati mwa khitchini, a Mbewe anjuta kunja, atafulatira, pakati pathu pali khoma la udzu. Felesiya akutsuka mbale chapafupi. Tapatsana moni wautali. Kenako ndayamba, monga ndinayesezera: mnzanga wina wa ku Ntchisi ali ndi kanthu kolimba m'bere.

Akufunsa mofatsa. Miyezi ingati? Inayi. Kamapweteka? Ayi. Kali mbali iti?

"Kumanzere kwangaku."

Mbale yagwa m'manja mwa Felesiya.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, maso atupa. Felesiya wandikalipira ngati ndine mwana wake, kenako walira, ine ndalira, kenako wandikalipiranso.

Mkamwini wabweranso pakhoma paja m'mawa. Akuti tinthu totere si tonse timakhala khansa, koma zimenezo sadziwira pakhoma la khitchini. Mawa ndipite kuchipatala cha ku Boma. Akandiyeza ndi mayi mnzanga, ndipo akaona kuti m'pofunika andilembera kalata yopita kwa ojambula ndi a kulabu ku Lilongwe. Akuti miyezi inayi yakwana, wachisanu usayambe.

Ndafunsa chimene chinandivuta sabata yonse: zikafika pa opaleshoni, adzandigonetsa ndani?

"Osati ine, amayi. Adzakugonetsani mnzanga, ndipo ine sindidzalowamo. Koma mukadzadzuka, mudzayang'ane pansi pa chitseko. Mudzaona nsapato."



A Mbewe abwerera okha ku Lilongwe. Felesiya watsala, akuti ndi gadiyani wanga ndipo ndisayerekeze kuthawira kumsika. Mabenchi ndabweza. Nangozo wabwera kudzafunsa kuti minibasi yoyamba imadutsa nthawi yanji, akuti tikwerere limodzi, koma iye akungopita kukaona mitengo ya zitenje.

Buku langa ndalipeza pansi pa sutikesi, njenjete zadya ngodya imodzi. Katoni ya shuga yatsala kachidutswa kamodzi. Ndalembapo 32, ndakaika m'bukumo.