Msomali Wouma Ndi Umodzi

Lolemba, 9 Meyi
Malata a ofesi ya sukulu akutuluka thukuta. Mvula kulibe, koma m'mawa uliwonse tho! tho! Pakhoma pali zithunzi ziwiri: cha Ambuye Yesu ndi cha Mtsogoleri wa Dziko. Dontho likugwa pafupi ndi chachiwirichi. Loweruka a Tcheyamani a chipani akubwera kudzayendera sukulu. Hedimasitala mnzanga anangopachika chithunzi chopendekera, mpaka lero kwawo akumudikira. Ambuye, ndili ndi ana asanu!

Lachiwiri, 10 Meyi
A Mwangonde, mmisiri wa pano pa Mlare, akuti ndi chinyezi: mpweya wofunda ukukwera, ukugunda lata lozizira, basi madzi. Mankhwala ake pulasitiki pansi pa denga, yopanda bowo, koma pamwamba pake mphepo izidutsa. "Nyumba nayo imapuma, asambizgi," akutero, poti kuno aphunzitsi amatitchula choncho. Ndawauza kuti ndichita ndekha. Sayansi ndinaphunzira ku sekondale, iwo ayi. Kudzikuza kumeneku ndikuulula.
Zofunika: matumba a feteleza, misomali, chikhulupiriro.

Lachitatu, 11 Meyi
Matumba ndalumikiza ndi singano ya mayi a kunyumba. Ndakhoma. Mipata ya pakati pa khoma ndi denga ndamata dothi, mileme ikhaule. Mazenera ndatseka kuti chinyezi chisalowe. Ntchito yooneka!

Lachinayi, 12 Meyi
Sikukudontha. Aleluya! Kungoti pulasitiki yatupa ngati mimba ya ng'ombe yolowa m'munda wa mpunga. Makoma akunyezimira. Choko sichikulemba. A Mwangonde angosuzumira pakhomo: "Asambizgi, mwaitseka mphuno." Ndayankha mwachipongwe. Ndikuululanso.

Lachisanu, 13 Meyi
Mimba yaphulika pamsoko, belu la m'mawa likulira. Patebulo: madzi, ndowe za mileme, dzimbiri. Kadontho kamodzi pagalasi, pansi penipeni pa diso la Mtsogoleri, ngati akulira! Ndapukuta ndi tayi, ndikupepesa mokweza. Khoma lonse lanyowa. Pouma patsala msomali umodzi, wa Ambuye Yesu.

Loweruka, 14 Meyi
Ndasinthanitsa zithunzi. Mtsogoleri pamsomali wouma, Ambuye pa wonyowa.
A Tcheyamani ayang'ana chithunzi, chili nga, chouma, chowala. "Ulemu ndi umenewu, aphunzitsi." Ayang'ananso kudenga, pamene matumba akulendewera: "Chitukuko! Mubwere mudzandiikire kwanga." Ndavomera. Kukana ndikanayamba bwanji? Kumbuyo kwawo, tho! tho! pamapewa a Ambuye.

Lamulungu, 15 Meyi
Abusa alalikira za Petro ndi tambala. Sindinadzutse mutu. Potuluka ndapepesa kwa a Mwangonde, avomera kukakhoma okha kwa a Tcheyamani. Dothi lija ndagumula, tsiku la Sabata, tchimo linanso. Mphepo yalowa. Mileme nayo yalowa.
Ambuye akadali pamsomali wonyowa, pepala lawo lafufuma m'munsi. Ndayang'ana nkhope yawo nthawi yaitali. Sakuoneka okwiya. Iwo anabatizidwa mu Yorodano, anayendanso panyanja, madzi amawadziwa. Komanso amakhululuka.
Za winayo sindilemba.