M'bale Wanga Pendosho wa ku Chinsapo

Pali msewu wina ku Chinsapo womwe sindidutsanso, ngakhale ndi wachidule. Ndikakhala pa kabaza ndimauza woyendetsa kuti tizungulire kwina, ndipo akafunsa chifukwa ndimanamizira fumbi. Fumbilo n'losalakwa, wolakwa ndi dzina langa.

Dzina la bambo anga, lomwe ndi langanso, ndi Pendleshaw. Anthu a kuno ku Kawale analitafuna kalekale n'kulilavula lili Pendosho, ndipo ndinatopa nako kuwakonza. Si dzina lotola pamsewu limeneli. Ku pulaimale a Phiri ankadzaza mabenchi, a Banda osanena, koma Pendleshaw ndinali ndekha, moti aphunzitsi akafika pa ine ankayamba ameza kaye malovu. Zinkandikoma bwanji! Nditagula foni ya intaneti, ntchito yoyamba inali kufufuza dzinali. Ndinapeza zoti ndi la kumudzi wina wa kumapiri ku Mangalande, la anthu oweta nkhosa, komanso kuti ngakhale kwawoko otsala nalo ndi owerengeka. Kuyambira tsiku limenelo mapewa anga sanatsikenso.

Mayi anga ali moyo ankanena kuti agogo ankaphikira mzungu wina ku Harare, ndipo dzinalo analitenga pamodzi ndi chipewa chakale cha bwanayo. Ine nkhani imeneyi ndinkaiona yoperewera. Munthu angakupatse dzina lake chifukwa chomukazingira mazira basi? Payenera kuti panali magazi ndithu. (Ndikudziwa kuti ndine wakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Koma m'zikhatho ndine woyera, ndipo tsitsi langa likanyowa limagonako pang'ono.)

Kuseri kwa matama onsewa kunali chilonda. Bambo ndi mayi onse anali ana a matchona, obadwira ku Harare, ndipo anamwalira osandilozera mudzi. Agona m'manda a m'tauni momwemo, pakati pa anthu osawadziwa. Mkazi wanga Nabanda ndi wa ku Dowa, kumene mudzi wonse ndi abale ake okhaokha. Alamu anga akalawa pang'ono amakonda kundifunsa kuti, "Alamu, mukadzatisiya tidzakutengerani kuti? Ndege ya ku Mangalande tidzaikwanitsa ife?" Ndimaseka nawo, koma funsolo limandiluma mpaka m'mafupa. Sindinkadziwa kumene ndidzaikidwe, kapena amene adzaimirire pa maliro anga n'kunena kuti uyu ndi wathu.

Loweruka lina m'mawa, bambo wa kabaza yemwe amanditengera ku ntchito ku Biwi anandipeza ndikutsuka m'kamwa panja.

"Bigi, pepanitu ndi zovutazi. Ine ndimayesa muli kale kumaliro."

"Maliro a ndani?"

"Aa, simunamve? A Pendosho a ku Chinsapo, owotcherera mageti aja. Atisiya dzana. Si abale anu amenewo? Dzina limeneli tauni yonse ino ndi inu awiri basi."

Ndinene zoona, chisoni chinabwera mochedwa, chimene chinayamba ndi chimwemwe. Ndili ndi m'bale! Wakufa, inde, koma wakufa amasiya abale amoyo. Ndinalowa m'nyumba n'kuvala suti yanga ya ukwati (mabatani a jekete anakana kukumana, ndinawasiya pa udani wawo womwewo).

"Anthu akewo mumawadziwa?" anafunsa Nabanda.

"Magazi amadziwana okha, mayi."

"Bwanji mukafika mufunse kaye bwinobwino?"

Mawu amenewa anandipeza ndakwera kale kabaza.

Tinaona masamba pamsewu, kenako tenti. Azibambo anali pa mabenchi panja, azimayi akuimba m'nyumba. Mkulu wa mpingo yemwe ankayendetsa zonse, Abambo Kachingwe, anabwera kudzandipatsa moni.

"Tikulandireni, bambo. Kaya ndinu ochokera kuti?"

"Ndine Pendleshaw," ndinatero, lilime nditalipinda mwachingerezi.

Mkuluyo anakweza manja kumwamba. "Ambuye alemekezeke! Abale inu, eni maliro afika!"

Nkhani inali yakuti chiyambire dzana anthuwa ankadikira abale a malemu. Mayi wamasiye anawaimbira foni, iwo anati ali m'njira, kenako mafoni awo zii. Popanda eni maliro palibe akanalamula za manda, ndipo kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kumene thupi silidikira munthu. Apa m'pamene munthu wanzeru akanati, "Pepani, ine ndangobwera kudzafunsa." Koma anali atandibweretsera kale mpando wa khushoni, ena onse ali pa matabwa. Chibadwire palibe amene ananditchulapo mwini wa chinthu chilichonse. Ndinakhala pampandopo.

Posakhalitsa anandilowetsa m'nyumba ya siwa. Inu mukudziwa kuti m'bale salowa mmenemo ndi maso ouma, choncho pakhomo ndinakoka mpweya n'kuliponya: "Mayo ine, achimwene anga ine!" Azimayi anachilandira, nyumba yonse inawira. Mayi wamasiye, atadzifunda chitenje mpaka kumaso, analira molunjika kwa ine: "Alamu, achimwene anu andithawa ine! Ana awa ndilera ndi ndani?" Anavundukula nkhope ya malemu kuti ndione. Anali bambo wamfupi, wa mphuno yotambalala, wakuda kundiposa. Ndinafunafuna pofanana mpaka ndinapapeza pa makutu. (Kuti makutu a anthu onse amafanana, ndinadzazindikira pambuyo pake.)

Nditatuluka, Abambo Kachingwe ndi akuluakulu ena ananditengera pambali.

"Nkhani ndi iyi, bambo. Thupi tinyamule kupita kwanu, kapena tiike konkuno? Mawu ndi anu."

Kwathu! M'mutu mwanga munabwera mapiri aja ndi nkhosa zake.

"Kwathu ndi kutali kwambiri," ndinayankha modekha. "N'kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Tiike konkuno."

"Nyanja?" anadabwa mkulu wina. "Malemuwa ankatchulatchula za ku Ntchisi."

"Kumeneko anangodutsako," ndinatero osaphethira.

Nthawi yomweyo adzukulu ananyamula makasu ndi mapiki kupita kumanda. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mayi wamasiye anadabwa nazo, poti amuna awo ankanena nthawi zonse kuti adzagone pafupi ndi mayi awo kumudzi. Koma namfedwa angatsutse alamu ake maliro ali m'nyumba? Anangowonjezera kulira.

Dzuwa litapendeka uthenga unabwera kuti manda atha. Bokosi linatulutsidwa, mwambo unayamba, ndipo Abambo Kachingwe analengeza kuti, "Tsopano timve mbiri ya malemu kuchokera kubanja." Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira ndisakudziwa dzina loyamba la munthuyo, zaka zake, ngakhale matenda amene anamutenga. Chimene ndinkadziwa chinali chimodzi, ndipo ndinachigwiritsa ntchito.

"Abale ndi alongo, wagona apayu si munthu wamba. Inu munkaona wowotcherera mageti, koma makolo ake anali eni mapiri ku Mangalande, oweta nkhosa zosawerengeka. Dzina limeneli ngakhale kwa azungu komweko likusowa. Lero dziko lataya mmodzi mwa ochepa otsala."

Anthu anagwedeza mitu. Mayi wina kumbuyo anati, "N'chifukwa chake ankakonda tiyi chomwechija." Mawu amenewo anandipatsa mphamvu. Ndinafotokoza za chisanu cha kumeneko ngati ndinachigonapo, za sitima za pamadzi, za mmene mtundu wathu unabalalikira. Ndinafika mpaka pomenya pachifuwa n'kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Ndili pa fupa pomwepo, lole yofiira ndi fumbi inaima pamsewu, yodzaza anthu olira. Kulira kwake kunali kwina, kosakoka mpweya pakhomo ngati kwanga kuja. Anatsika bambo wachikulire wa jekete lothimbirira, wamfupi, wa mphuno yotambalala. Sipanafunike kuyang'ana makutu. Anapepesa kwa Abambo Kachingwe kuti lole inawafera m'njira, mafoni n'kutha moto. Kenako anandiloza ndi chibwano.

"Nanga akuyankhulawa ndi ndani?"

"Si ang'ono anu awa?" anafunsa Abambo Kachingwe, mawu akuchepa.

"Amene tinatuluka m'mimba mwa amayi ndimawadziwa onse. Awa ayi."

"Ndine Pendleshaw," ndinatero, koma ulendo uno lilime linakana kupindika.

"Ndiye kuti chiyani? Wagona apayu ndi Yohane Mbewe, mng'ono wanga. Mapiri ake ndi a ku Ntchisi, ndipo nkhosa sanawetepo ndi imodzi yomwe."

Anaitana mayi wamasiye. Mayiwo anavundukula chitenje, kundiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, n'kunena kuti, "Awa sindikuwadziwa." Abambo Kachingwe atafunsa za dzina la Pendosho, mayiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ovolosi ya buluu, yakutha, yodzaza timabowo ta moto wowotcherera. Pachifuwa pake panali dzina losokedwa ndi ulusi wofiira, dzina langa lenileni, losaphonya ndi pang'ono pomwe.

"Anagula pa kaunjika atangofika m'tauni muno," anatero mayiwo. "Ankavala tsiku ndi tsiku, anthu n'kuyamba kuwaitana choncho. Iwo sankakana, ankati limakoka makasitomala."

Pamaliro saseka, koma adzukulu lamulo limenelo siliwakhudza. Anayamba ndi iwo, ena n'kumabisa nkhope m'zipewa. Ine thukuta linali litatsika mpaka m'masokosi. Ndinkayembekeza khofi, ndipo bola akanangondimenya, chifukwa a Mbewe aakuluwo anayankhula mofatsa kwambiri.

"Bambo, ife kumudzi takumba kale. Inu mwakumbitsa kuno. Munthu ndi mmodzi, manda awiri. Mng'ono wangayu tikupita naye. Koma dzenje lokumbira munthu silikwiriridwa lopanda kanthu, limaitana wina. Ndiye mutiuze, mugona ndani mmenemo?"

Mkulu wa adzukulu, dothi lili mpaka m'mawondo, anandizungulira akundiyeza ndi maso.

"Ife anatiuza kuti tikumbire a Pendosho," anatero. "A Mbewe akupita ku Ntchisi. Pendosho watsala ndi inu, bwana. Msinkhu tinawonjezerako pang'ono, mukwanamo bwinobwino."

Akuluakulu anakhala upo, nagamula monga mwa mwambo: m'dzenjemo muikidwe thunthu la nthochi, ndipo wodula ndi kunyamula akhale yemwe analamula kukumba. Anandibwereka chikwanje, ndinakadula nthochi kuseri kwa bafa la aneba, n'kuisenza paphewa, suti ili m'thupi. (Utomoni wa nthochi suchoka pa nsalu. Ndayesa sopo wa mitundu yonse.) Pamene ndimatuluka nayo, bokosi linali litakwezedwa mu lole, ndipo khamu lonse linali kumeneko. Mayi wamasiye anandiponyera ovolosi ija. "Tengani dzina lanu," anatero, n'kukwera.

Kumanda tinapita ine ndi adzukulu basi. Iwo anaona kuti nthochi isapite yamaliseche, choncho anaiveka ovolosiyo, kumanga mabatani mpaka m'khosi, n'kuitsitsa ndi zingwe mwaulemu wonse, akuimba nyimbo ya maliro mawu ena akusintha dala. Kenako mkulu wawo ananditambasulira fosholo ya dothi.

"Eni maliro ayambe."

Ndinatapa dothi n'kusuzumira m'dzenjemo. Pansipo panali dzina langa, lofiira, likundiyang'ana. Pamwamba panali anthu osandidziwa, akuseka. Ndinaona maliro anga enieni mmene adzakhalire, ndipo misozi imene ndinaivutikira m'mawa ija inabwera yokha. Ndinalira ngati mwana, kulirira bambo anga, mayi anga, ndi ine ndemwe. Adzukulu anasiya kuseka n'kuyamba kukwirira mwakachetechete.

Nditatembenuka ndinapeza Nabanda ataima pansi pa mtengo, chitenje chili m'chiuno. Wa kabaza uja, ataona kuti zinthu zathina, anali atathamanga kukamutenga. Ndinadikira kuti anene zoti safunsa anadya phula, poti anali ndi ufulu wonse. Koma anangondisansa dothi paphewa, tinayamba kuyenda kulowera ku siteji ya minibasi.

"Zonena alamu anu zija zimakupwetekani eti?" anafunsa tili m'njira.

Ndinavomera ndi mutu.

"Amalume ananena kalekale, chaka chomwe anabadwa mwana wathu woyamba, kuti malo anu alipo ku Dowa, pafupi ndi pomwe ndidzagone ine. Ana anu ndi a kumeneko, inunso ndinu a kumeneko. Odzaimirira pa maliro anu ndi alamu anu omwewo, ndipo adzalimbirana. Ine ndimayesa mukudziwa."

Zaka zonsezi ndinali ndi kwathu, ndipo ndinkadya nako mbale imodzi. Tinayenda kamtunda ndithu, iye patsogolo pang'ono, ine pambuyo ndi suti yanga ya utomoni. Ndinkafuna kunena mawu oyenera, mawu othokoza, oti adzawakumbukire. Nditatsegula pakamwa panatuluka izi:

"Malowo ali pamthunzi? Paja khungu la mtundu wathu siligwirizana ndi dzuwa."

Nabanda anaima, kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kukwera minibasi yomwe inali itatsala ndi malo a munthu mmodzi. Ine ndinafika ku Kawale wapansi.